Kupanga kakasinja ka T-64BV ka nkhondo ya ku Ukraine

Musanagule chilichonse, pezani chithunzi chimodzi cha kasinja amene mukufuna kupanga, chodziwika malo ndi mwezi umene chinajambulidwa. Chiyambire pa 24 February 2022 pamene Russia inalowa mu Ukraine, maonekedwe a akasinja akhala akusintha msangamsanga. M'miyezi yoyamba asilikali a Ukraine ankakulunga tepi yachikasu kapena yabuluu kuti anzawo asawawombere. Pomenyera chigawo cha Kharkiv mu September 2022 ankalemba mtanda woyera, ndipo polowa ku Kursk mu August 2024 kunaoneka chizindikiro cha makona atatu. Mukasakaniza zimenezi pa kasinja mmodzi, odziwa nkhondoyi adzaona nthawi yomweyo kuti ndi zongopeka.

T-64BV ndi poyambira pabwino chifukwa ndi amene Ukraine inali nawo ambiri nkhondo ikuyamba, ndipo ankapangidwa ku Kharkiv komweko. Kampani ya Trumpeter imagulitsa zidutswa zake zapulasitiki pa msinkhu wa 1/35, kutanthauza kuti kasinja wa mamita oposa 9 kuwerengera ndi mfuti yake amatuluka masentimita pafupifupi 26. Konzani kampeni kakuthwa, sandipepala wosalala, guluu wamadzimadzi ngati Tamiya Extra Thin, timaburashi ndi utoto wa acrylic.

Tsukani zidutswazo ndi sopo kuti utoto udzagwire. Dulani kachidutswa kalikonse nthawi yake ikakwana, palani potsalira, ndipo kayezeni pamalo pake musanadontheze guluu. Yambani ndi thupi, kenako mawilo asanu ndi limodzi mbali iliyonse. Matcheni musamatiretu, mudzavutika kuwapenta.

Pofunika kudekha ndi pa timabokosi ta Kontakt-1, tija timaphulika chipolopolo chikagunda kuti titeteze kasinja. Timeneti n'tambiri, ndipo pepala la malangizo limatiika m'mizere yowongoka bwino ngati kasinja wangotuluka m'fakitale. Wa kunkhondo sakhala choncho. Yang'anitsitsani chithunzi chanu: pena kabokosi kachoka n'kutsala mabawuti okha, pena kapendekeka, pena kaikidwa katsopano kosiyana mtundu ndi tinzake. Pamene kachoka, dulani tizidutswa ta waya woonda mumate ngati mabawutiwo. Ine ndimaona kuti malo opanda kabokosi amakopa maso kuposa mzere wonse wathunthu.

Ngati chithunzi chanu n'cha 2023 kapena kutsogolo, mwina pamwamba pali chikhola chachitsulo chotchingira ma drone. Zambiri mwa zikholazi asilikali amaziwotcherera okha, choncho sizifanana. Pangani ndi waya wakopa wa m'nthambo yakale ya magetsi, ndipo ukonde wake dulani pa neti ya udzudzu yotha ntchito. Amene anapindapo galimoto zamawaya ali mwana savutika apa. Waya ndi pulasitiki zimagwirana bwino ndi supaguluu.

Popenta, yambani ndi utoto wapansi wotuwa, kenako wobiriwira, mopyapyala kawiri kapena katatu. Akasinja ambiri a Ukraine ali ndi mawanga a timabokosibokosi. Dulani tepi ya pepala m'timakona anayi, mumate, mupente mtundu wina, muchotse utoto usanaumitsitse. Ngati uli pa chithunzi chanu, mtanda woyera lembani ndi dzanja, upindike pang'ono. Asilikali ankaulemba mothamanga.

Matope ndiwo amanena nyengo. Dothi la madera ambiri a Ukraine ndi lakuda, ndiye musatengeke ndi katondo wofiira amene maso athu anazolowera. Sakanizani dothi losefa, utoto wakuda, wa khofi ndi guluu wa matabwa, mupake m'mawilo, m'matcheni ndi kunsi kwa thupi. M'miyezi ya March ndi November matopewo akhale onyowa, muwawalitse ndi vanishi pang'ono. Kasinja wa m'chilimwe cha kumeneko, cha m'ma July, angofunika fumbi lotuwa. Mwaye wa utsi uikeni kumbuyo, chifukwa T-64 amatulutsira utsi kumbuyo, osati kumanzere ngati T-72. Mukamaliza, mangani matcheni, mudikire tsiku lathunthu kuti zonse ziume, kenako mupopere vanishi wosawala pamalo onse kupatula pa matope onyowawo.