Azakhali: Mwana wobereka wekha, ukuti palibe chimene amatha?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala chakufupi ndi pa Madisi. Mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka 11 koma akadali mu Sitandade 3, wabwereza kawiri. Aphunzitsi anandiitana kuti tilembe dongosolo la momwe angamuthandizire payekha, ndipo anandifunsa zimene amachita bwino. Ndinayankha kuti palibe, mutu wake ndi wouma. Anangondiyang'ana. Apongozi akuti timusiyitse sukulu azikathandiza ku fodya. Ndichite bwanji?

Mayi wothedwa nzeru, Madisi

Mwana wanga,

Ati palibe! Iwe amene umadziwa mtengo wa soya pa Madisi ndi pa Mponela tsiku lomwelo, amene umadziwa amene akufunsirana m'mudzi monse ankhoswe asanamve, walephera kutchula kanthu kamodzi kamene mwana wako amatha? Aphunzitsiwo anakulemekeza pongokuyang'ana. Ndikanakhala ine ndikanakubweza ukaganize bwino.

Ukamutuma kugolosale, chenji chimabwera chokwanira? Madzulo akamatsekera mbuzi, amadziwa imene yasowa? Nyimbo za kwaya amaziloweza? Tcheni cha njinga chikagwa amabwezeretsa yekha? Zimenezo ndiye ankafuna aphunzitsi. Sankafuna kukusangalatsa ayi. Mwana wodziwa chenji amamuyambitsa masamu ndi makwacha, woloweza nyimbo amamulowetsa m'maphatikizo poimba. Ukati palibe, wawamanga manja.

Pa zimene zimamuvuta, usiye mawu akuti "mutu wouma". Amenewo ndi mwano, ndipo palibe mphunzitsi angawagwiritse ntchito. Nena zimene umaona ndi maso ako. Mwachitsanzo: ukamuitana uli kumbuyo kwake sacheuka. Buku amaliyandikitsa pamphuno. Amasokoneza b ndi d. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi thandizo lakelake: wosamva bwino amakhala kutsogolo kuti aziona pakamwa pa aphunzitsi, wosaona bwino amamulembera zilembo zikuluzikulu. Chipatala cha mishoni cha Madisi uli nacho pafupi, kayambire kumeneko akamuone maso ndi makutu, akakuuza kopita ngati pafunika. Ana ena amatchedwa mbuli pamene vuto ndi khutu lotuluka mafinya.

Papepala la dongosolo lija pasalembedwe zakuti "achite bwino". Palembedwe kuti pofika kumapeto kwa teremu awerenge mawu a maphatikizo awiri, ndi zimene achite aphunzitsi, ndi zimene uchite iwe kunyumba. Inde, iwe. Teremu ikatha mukhalenso pansi muone pamene wafika.

Ufunsenso ahedi kapena a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, ngati m'dera lanu muli mphunzitsi amene anaphunzira ku Montfort, koleji ya ku Nguludi m'boma la Chiradzulu yophunzitsa aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera. Ndi ochepa, sindikunamiza, koma wosafunsa samupeza. Akadzafika Sitandade 8, a MANEB amakonza mayeso a zilembo zikuluzikulu ndi a braille, bola sukulu iwadziwitse polembetsa mayina.

Apongoziwo uwapatse moni wanga. Uwauze mwaulemu, utagwada, kuti pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, ndipo lamulo la anthu aulumali la 2012 linaletsa kumana mwana sukulu chifukwa cha ulumali. Fodya asoke okha, manja ali nawo.

Lolemba uvale chitenje chako chabwino chija, upite kusukulu ndi zinthu zitatu zimene mwanayo amatha. Ndipo uzinene iye ali pomwepo, amve.

Azakhali ako