JINJA NDI ZOWAWA ZA KUMWEZI

Akazi ambiri, makamaka anamwali, amamva zowawa pa cinena ndi m'ciuno pamene ali kumwezi. Ena amasanza, ena amadwala mutu, ndipo ena amagona masiku awiri osakhoza kugwira khasu kapena kupita ku sukulu. Popeza nkhani iyi iri yamanyazi, ambiri amangopirira osanena. Komatu namwali wojomba mwezi uli wonse amatsalira pa maphunziro, ndipo mai wogona pa nthawi yopalira amapeza munda wace utalowa thengo.

1. Gwero la zowawa

Mwezi uli wonse cibelekero cimakonza m'kati mwace malo a mwana. Ngati mkazi sanaime, cimataya zokonzazo pamodzi ndi mwazi. Kuti zituruke, thupi limapanga zinthu zimene madotolo amazicha prostaglandin, ndizo zimacititsa cibelekero kudzifinya. Zinthuzi zikacuruka, cibelekero cimafinyika kolimba, mwazi woyenda m'mnofu wace umacepa, ndipo zowawa zimayamba. Kawiri kawiri zimatha pasanapite masiku 3. Si ufiti ai, ndipo sizisonyeza kuti mkaziyo sadzabala. Kwa ambiri zimacepa akamakula kapena akabala mwana.

2. Mphamvu ya jinja

Jinja anacokera ku Asia, ndipo dziko la India ndilo limamlima koposa maiko onse. Ukali wace umacokera ku cinthu cochedwa gingerol, cimene cimacepetsa kapangidwe ka prostaglandin.

M'caka ca 2009 akatswiri a ku Iran anafalitsa zimene anapeza atayesa anamwali 150 a ku yunivesite. Anawagawa magulu atatu. Gulu loyamba linamwa mamiligalamu 250 a ufa wa jinja kanai pa tsiku, masiku 3. Magulu enawo anamwa ibuprofen ndi mefenamic acid, ndiwo mankhwala a ku cipatala. Mpumulo umene anapeza a jinja unalingana ndi wa anzao. Jinja sacotsa zowawa zonse mwa munthu ali yense, koma amazicepetsa mwa ambiri.

3. Kakonzedwe kace

Muyeso umene anayesawo ndi galamu 1 pa tsiku, ndiye ngati theka la supuni yaing'ono ya tiyi. Mkazi agawe ufawo patatu kapena panai, namwere m'madzi ofunda kapena m'phala. Ayambe tsiku limene msambo wayamba, osadikira kuti zowawa zikule, napitirize masiku 3.

Ufawo umapangidwa motere: jinja atsukidwe, adulidwe mopyapyala, ayanikidwe kufikira atauma gwa, asinjidwe mu mtondo woyera, asefedwe, nasungidwe m'botolo lotseka. Wokhala ndi jinja wamuwisi adule kacidutswa konga nsonga ya cala cacikuru, akaphike m'kapu imodzi ya madzi mphindi 10, nathire uci kapena ndimu. Nsaru yofunda kapena botolo la madzi otentha lokulunga m'citenje, zikaikidwa pa cinena, zimathandizanso.

4. Macenjezo

Asapitirire magalamu 4 pa tsiku, ndiwo masupuni ang'ono awiri, pakuti jinja wambiri amadzetsa cilungulira ndi kutsegula m'mimba. Wakumwa mankhwala oletsa mwazi kuundana, monga warfarin, ayambe wafunsa dotolo.

Ziripo zowawa zina zimene jinja sangacize. Mkazi apite ku cipatala ngati mwazi uturuka wambiri kapena upitirira masiku 7. Ngati thupi latentha kapena kuturuka cikazi conunkha. Ngati zowawa zikula caka ndi caka, kapena zibwera pakati pa mwezi. Izi zikhoza kucokera ku zotupa za m'cibelekero, ku matenda opatsana, kapena ku likodzo, limene limagwira otunga ndi ocapa m'mitsinje ndi m'madambo. Koposa zonse, mkazi amene anadumpha mwezi, namva kubaya koopsa mbali imodzi ya mimba, anyamulidwe tsiku lomwelo. Mimba ikhoza kukhala kunja kwa cibelekero, ndipo kucedwa kumapha.

Amai ndi alangizi aphunzitse anamwali zizindikiro izi. Abambo nao asakanize ndalama ya ulendo wa ku cipatala.

5. Kubzala

Jinja abzalidwe mvula ikayamba, mu November kapena December, pa dothi lofewa lothira manyowa, pa mthunzi pang'ono, posaima madzi. Cidutswa ciri conse cikhale ndi diso. Amakhwima pakapita miyezi 8 kufikira 10, masamba akauma. Mzere umodzi kuseri kwa nyumba ukhoza kukwanira banja caka cathunthu.

Mafunso

1. Kodi zowawa za kumwezi zimayamba bwanji?
2. Kodi muyeso wa ufa wa jinja pa tsiku ndi wotani?
3. Ndi zizindikiro ziti zimene ziyenera kufulumizitsa mkazi ku cipatala?