SINGANO YA DORIKA NDI MAKINA A KU KAFUE

Kuwerenga: Macitidwe 9:36-42, Yakobo 2:14-17.

Mudzi wa Kafue uli m'mbali mwa mtsinje wa dzina lomwelo, pafupifupi makilomita 45 kum'mwera kwa Lusaka. Njanje inaoloka mtsinjewo m'caka ca 1906, koma mudziwo unakula ndithu dziko la Zambia litalandira ufulu. Pamenepo kunamangidwa nyumba zazikuru za makina: ya Nitrogen Chemicals of Zambia, yopanga feteleza, imene inayamba nchito m'caka ca 1970, ndi ya Kafue Textiles of Zambia, yoomba nsaru ndi zitenje. Anyamata ambiri anasiya makasu kwao, nadzalembedwa nchito, ndipo pakutha pa mwezi ankatumiza ndalama kwa akwao kumudzi.

Citapita caka ca 1991 zinthu zinatembenuka. Malonda a kunja analoledwa kulowa momasuka, nsaru zotsika mtengo ndi zobvala za salaula zinadzaza misika, mpaka potsiriza makina oomba nsaru anatonthola. Nchito ya feteleza nayonso inacepa. Amuna amene ankadyetsa nyumba ziwiri, ya m'tauni ndi ya kumudzi, anangokhala manja lende. M'zaka zomwezo nthenda ya Edzi inasiya akazi amasiye ndi ana amasiye ambiri m'dziko lonse.

Pa nthawi yotere mpamene cikondi ca Mkristu ciyesedwa. Dorika wa ku Yopa analibe makina. Anali ndi singano ndi manja ace awiri, nasokera aumphawi zobvala. Pakumwalira iye, akazi amasiye anaimirira pamaso pa Petro alikulira, namuonetsa malaya amene mkaziyo anasoka. Malayawo ndiwo anali mboni zace. Yakobo nayenso aphunzitsa kuti kufunira wanjala ndi wausiwa mafuno abwino, osampatsa kanthu, kulibe phindu. Cikhulupiriro cotere ncakufa.

Cikondi ca manja cotere caonekanso m'dziko lino. Tsidya lija la mtsinje wa Kafue, ca kum'mwera, kuli cipatala ca Chikankata ca mpingo wa Salvation Army. M'caka ca 1987, poona kuti odwala Edzi alikucuruka, anchito a cipatalaco anayamba kuyendera odwala m'nyumba zao, naphunzitsa abale ao kasamalidwe kace. Pambuyo pace mipingo yambiri inatsata njira yomweyo. Amai anasambitsa odwala, nawaphikira phala, nawatungira madzi, nacapa zopfunda zao, osalandira malipiro.

Akale anati, mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako. Mwambiwo ngwoona, koma Mkristu apitirira pamenepo, pakuti azimira ngakhale iye amene sangathe kubwezera. Amasiye a ku Yopa analibe kanthu kompatsa Dorika koma misozi yokha.

Phunziroli likhudzanso mipingo ya kumidzi. Munthu wocotsedwa nchito ku Kafue, kapena ku tauni ina iri yonse, kawirikawiri abwera kwao ndi katundu wocepa ndi manyazi ambiri. Ena amseka, nati anadya zace yekha. Aiwala masiku aja ankawalipirira ana sukulu. Mpingo wa Kristu usatero ai. Akuru a mpingo amperekeze kwa mfumu kukapempha munda. Amuna amthandize kudula mitengo ndi kufolera nyumba. Amai agawire mkazi wace ufa ndi mbeu, kufikira banjalo litakolola zace. Wobwera wodwala asagone yekha usiku. Zonsezi sizilira ndalama zambiri. Zilira manja ndi nthawi, zimene wosauka yemwe ali nazo.

Mafunso a pa msonkhano:

1. Kodi amasiye anamuonetsa ciani Petro, ndipo cifukwa ninji?
2. Ndani m'mudzi muno anabwera kucokera ku tauni wopanda kanthu, ndipo mpingo wamcitira ciani?
3. Mkristu wopanda ndalama angacitire mnzace ciani sabata lino?