Sump: Thanki Yapansi Yosamalira Makorali

Makorali ndi tinyama ta m'nyanja yamchere tosapirira madzi osinthasintha. Amafuna mchere wa magalamu pafupifupi 35 pa lita, ndiponso kutentha kwa madigiri 24 mpaka 26, usiku ndi usana. N'chifukwa chake owaweta m'thanki yagalasi amaika thanki yachiwiri m'kabati yapansi, yotchedwa sump. Madzi akachuluka chonchi, mchere ndi kutentha sizisintha msanga. Hita, pampu ndi zosefera zimakhalanso m'menemo, osaonekera.

Kayendedwe ka madzi

Madzi a pamwamba pa thanki yaikulu amasefukira m'kabokosi ka overflow n'kutsika okha m'paipi. Pansipo amadutsa m'kathumba kosefa zinyalala, kenako m'chipinda cha protein skimmer, makina otulutsa nyansi pamodzi ndi thovu. Magalasi atatu oimikidwa motsatizana amatchinga timpweya kuti tisafike m'chipinda chomaliza, momwe pampu imabwezera madzi kumwamba. Pampu yozunguza madzi onse a m'thanki katatu mpaka kasanu pa ola ndi yokwanira. Sump imathandizanso oweta mbuna za m'nyanja ya Malawi, koma iwowa asagule skimmer, chifukwa m'madzi opanda mchere thovu lake silichedwa kuphwa.

Kulumikiza mapaipi

Gwiritsani ntchito mapaipi a PVC okhaokha. Chilichonse cha mkuwa kapena brass chisakhudze madzi, pakuti mkuwa ngakhale wochepa umapha makorali ndi nkhono. Musanaboole galasi funsani ngati ndi la tempered: limenelo limasweka lonse likangoboowoledwa. Labala ya bulkhead, cholumikizira paipi pabowo la galasi, ikhale kumbali ya mutu wake, osati kumbali ya nati, ndipo mangani ndi dzanja. Ikani union, cholumikizira mapaipi chomasulika, pafupi ndi pampu kuti muzitha kuichotsa poitsuka osadula paipi. Valavu yochepetsera mphamvu ya pampu ikhale kotulukira madzi, osati kolowera.

Paipi imodzi yotsitsira madzi musaidalire. Kankhono kamodzi kakaitseka, pampu imapitiriza kukweza madzi mpaka atayikire m'nyumba. Njira ya Herbie ili ndi mapaipi awiri: yoyamba ili ndi gate valve ndipo imatsitsa madzi mopanda phokoso, yachiwiri imaima chapamwamba kudikira tsiku la vuto. Yachiwiriyi isakhale ndi valavu iliyonse. Njira ya Bean Animal imawonjezera yachitatu.

Magetsi akathima

Apa m'pamene sump yomangidwa bwino imadziwikira. Pampu ikaima, madzi a m'thanki yaikulu amapitiriza kutsika mpaka atafika pamlomo wa overflow. Choopsa kwambiri ndi paipi yobwezera madzi, yomwe imayamba kuwakokera pansi monga paipi yopopera petulo m'chigubu, ndipo sisiya mpaka mlomo wake utalowa mpweya. Ngati mlomowo uli pakati pa thanki, theka la madzi lithera pansi.

Choncho mlomo wa paipiyi ukhale pafupi ndi pamwamba pa madzi, ndipo muboole kabowo kakang'ono pansi pang'ono pa mzere wa madzi kuti mpweya ulowe msanga. Kabowoka kamatsekeka ndi mchere ndi ndere, muzikatokosa kawirikawiri. Check valve, valavu yoletsa madzi kubwerera, payokha siyodalirika: kamchenga kamodzi kamailepheretsa kutseka.

Werengerani malo ofunika. Thanki yotalika masentimita 120, mulifupi 50, madzi ake akatsika masentimita 3 imatulutsa malita 18, kuwonjezera a m'mapaipi ndi m'skimmer. Sump yanu ikhale ndi malo opanda madzi oposa amenewo nthawi zonse.

Musangokhulupirira masamu. Guluu wa PVC akauma kwa maola 24, dzazani madzi wamba, yatsani pampu, kenako zimitsani dala muli pomwepo. Madzi akasiya kutsika sump isanadzaze, yatsaninso, ndipo lembani mzere pagalasi la chipinda cha pampu pamene madzi aima. Podzaza musamapitirire mzerewo. Tsekaninso paipi yoyamba yotsitsira madzi ndi dzanja muone ngati yachiwiri ikunyamula madzi onse.

Tsiku ndi tsiku

Madzi akamauma, kuchepa kwake kumaonekera m'chipinda cha pampu chokha. Mchere suuma nawo, choncho onjezerani madzi osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis), opanda mchere. Kathumba kosefa kazichapidwa pakatha masiku awiri kapena atatu. Masoketi a magetsi akhale pamwamba, kutali ndi nthunzi yamchere, ndipo chingwe chilichonse chiyambe chalendewera pansi chisanakwere ku soketi, kuti dontho lotsata chingwe ligwere pansi.