Magazi ndi nyama yaiwisi kutchire

Kalata yathu yachokera kwa mayi ena a ku St Mary's, ku Chitungwiza. Mayiwa akuti mwana wawo akuphunzira usilikali, ndipo amva kuti ophunzira usilikali akakhala kutchire amadya nyama yaiwisi ndi kumwa magazi. Akufunsa ngati sizivulaza.

Mayi a ku St Mary's, nkhawa yanu ndi yomveka. Nyama yosapsa ndi magazi zimabisa njoka zam'mimba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Mu 2011 ku Chama, ku Zambia, anthu oposa 500 adadwala matenda a anthrax atasenda ndi kudya mvuu zofa zokha, ena adamwalira. Mumuuze mwana wanu aziwotcha nyama mpaka ipse mkati. Akatentha thupi kapena kutuluka chilonda chakuda, athamangire kuchipatala, akanene zomwe adadya.

Omvera nonse, nyama yofa yokha musaikhudze n'komwe, ngakhale ndiwo zitasowa.