Pakhonde pa Azakhali: Akana kugula chitenje, ati mphatso n'zachikunja

Azakhali,
Chigulireni foni, amuna anga amachezera kuonera mafilimu a anthu andevu oyenda pa mabwato. Tsopano akuti Khirisimasi ino chitenje changa palibe, nsapato za ana palibe, chifukwa kupatsana mphatso kunayamba ndi akunja a ku Norway opembedza Odin. Nditani?
Mayi wodandaula, Golomoti.

Mwanawe,
Akamwini athuwo foni yawapindulira ndithu. Anzawo amaonerapo mpira, iwo apezapo chiphunzitso choteteza thumba.

Sakunama konse ayi. Anthu a ku Norway, Sweden ndi Denmark analidi ndi phwando lotchedwa Yule, pakati pa nyengo yachisanu, dzuwa likamangosuzumira n'kubwerera. Ankapha ziweto, kuthira nsembe ndi kumwa. M'zaka za m'ma 900, Mfumu Haakon ya ku Norway, imene inakulira ku England n'kukhala Mkhristu, inalamula kuti phwandolo lizichitika pamodzi ndi Khirisimasi, ndipo kuti aliyense azifulula mowa, wokana alipire mlandu. Wamva? Mowa! Ndiye uwafunse bwinobwino: pa 25 adzakhala pakhomo ndi kapu ya tiyi, kapena tidzawapeza pa Mtakataka atafukata chipanda? Wothawa za Odin ayambire pamenepo.

Za mphatsozo aphonya. Nkhalamba yovala zofiira yogawa mphatso pa Khirisimasi ija inatenga dzina kwa Nikolasi Woyera, bishopu wa ku Myra, m'dziko limene lero ndi Turkey. Anakhalako m'zaka za m'ma 300, ankathandiza osauka mobisa, ndipo amakumbukiridwa pa 6 Disembala. Nanga anzeru a kum'mawa aja, golide, lubani ndi mure anakazitula kwa Odin? Kavalo wa Odin wa miyendo 8 amakoma m'filimu, kusitolo salowa.

Akavuta, kwera nawo minibasi mukatsike pa Mua, si patali. Ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni imeneyo mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher, amene tinawapatsa mfunda woti Achisale, anayambitsapo Kungoni. Ukalowe nawo m'nyumba ya Chamare akaone zilombo za Gule Wamkulu mazanamazana zitasungidwa pabwalo la mishoni, akaonenso Yesu ndi Mariya atasemedwa ndi nkhope zathu zomwe. Ansembe enieni sanathawe mwambo wa makolo, anakhala nawo pansi n'kuuphunzira. Iwo, kwaya yomwe saimba, n'kumanjenjemera ndi chitenje?

Ine ndikudziwa kumene kwapita ndalama. Disembala kuno ndi wa khasu ndi feteleza, nkhokwe nayo imakhala itayamba kulira. Ngati ndi choncho anene poyera ngati bambo, mugawane nzeru: mpunga wa ku Bwanje pang'ono, tambala wapakhomo uja, ana avale kaye, chitenje chidikire pokolola. Zimenezo sizichotsa ulemu.

Koma ukaona ya mayunitsi ikupezekabe usiku uliwonse, uwauze kuti azakhali agamula: chitenje chifike pasanafike pa 24, ndipo chikhale cha wakisi.
Azakhali ako.