Mwana Wosadziŵa Kwawo

Nkhondo ya ku Mozambique inayamba mu 1977. Mfuti zikalira usiku, munthu sasankha njira. Mayi ankathaŵira uku, mwana uko.

Anthu pafupifupi 1,000,000 anathaŵira kuno ku Malaŵi: ku Nsanje, Dedza, Ntcheu ndi maboma ena. Enafe tinagaŵana nawo ufa.

Ana ena anafika okha. Kamwana mukakafunsa dzina la amake, kankangoti "Amayi". Mudzi wake osaudziŵa. Nanga abale ake n'kuwapeza bwanji?

A Red Cross ankalemba maina ndi kutumiza makalata. Mabungwe ena ankajambula anawo, n'kumaonetsa zithunzizo m'midzi.

Nkhondo inatha mu 1992. Pofika 1995 ambiri anali atabwerera kwawo. Ena anakumana ndi abale awo. Ena anakapeza manda okhaokha.

Funso: Kodi mwana wanu amadziŵa dzina lanu ndi la mudzi wanu?